Ana a ku District Six ndi Mizikiti Imene Idatsala

Munthu akatsika sitima pakati pa mzinda wa Cape Town n'kuyenda wapansi cholowera kum'mawa, satha theka la ola asanafike pamalo odabwitsa. Kumanja kuli phiri la Table, kumanzere kuli doko, ndipo pakati pa ziwirizi, pa nthaka imene mzinda wina uliwonse ukadadzaza ndi nyumba zosanja, pali thengo: udzu, zidutswa za njerwa, ndi timisewu tosafika pakhomo pa munthu. Mbali ina kuli sukulu yaukachenjede, kwina kuli nyumba zatsopano zowerengeka. Koma chokopa maso ndi mizikiti ndi matchalitchi akale amene adaima apa ndi apo, patalipatali, ngati mano otsala m'kamwa mwa nkhalamba. Malowa ndi District Six, ndipo kudali kwawo kwa anthu oposa 60,000.

Tikamakamba za ulamuliro wa tsankho wa ku South Africa timathamangira maina aakulu: Nelson Mandela ndi zaka zake 27 za m'ndende, anthu 69 amene adawomberedwa ku Sharpeville mu 1960, ana a sukulu a ku Soweto mu 1976. Nkoyenera kutero. Komabe tsankho lidagwira ntchito yake yaikulu mwakachetechete, pa ana amene sadamangidwe, sadawomberedwe, ndipo maina awo sadalowe m'buku. Ife amene tsiku ndi tsiku timakhala pamkeka ndi ana a eni, kuwaphunzitsa alif ndi baa, tili ndi chifukwa chofunsira kuti boma likasamutsa dera lonse, mwana amalandidwa chiyani. Mbiri ya District Six ikuonetsa kuti nyumba ndi chochepa pa zimene amalandidwa.

Derali lidalandira dzina lake mu 1867, pamene mzindawu udagawidwa m'zigawo zisanu ndi chimodzi. Koma anthu adali atayamba kale kudzazamo, makamaka ukapolo utatha ku Cape pakati pa 1834 ndi 1838. Omasulidwawo adali ana ndi zidzukulu za anthu amene Adatchi adawatenga ku zilumba za Indonesia, ku India, ku Madagascar ndi ku gombe la Mozambique, ndipo ambiri mwa iwo adali Asilamu. Chisilamu chawo chidali chitapirira kale zambiri. Sheikh Yusuf wa ku Makassar adafika ku Cape mu 1694 atapirikitsidwa kwawo. Tuan Guru wa ku Tidore adatsekeredwa pa chilumba cha Robben mu 1780, nalemba Qur'an kuchokera pamtima ali m'ndende momwemo, ndipo atatuluka adatsegula madrassah ku Dorp Street, kumene kudakhazikitsidwa mzikiti wa Auwal mu 1794.

Ku District Six zidzukulu za anthu amenewa zidakhala khomo ndi khomo ndi Akhristu, Amwenye amalonda, Ayuda ochokera kum'mawa kwa Ulaya, amalinyero amene adatsika m'ngalawa osabwereranso kwawo, ndi azungu osauka. Tisanamizane, sikudali ku Jannah. Nyumba zambiri zidali za anthu okhala kwina, amene ankabwera kudzatolera lendi osayang'ana denga. Mabanja ankapanikizana m'chipinda chimodzi, chifuwa chachikulu chinkapha, ndipo magulu a zigawenga, monga lotchedwa Globe, adalipo. Ngakhale kusamutsa anthu sikudayambe ndi Mabunu a 1948. Mu 1901, mliri wofala ndi makoswe utabuka, akuluakulu a nthawi ya Angerezi adachotsa anthu akuda m'derali n'kukawaika ku Uitvlugt, kumene pambuyo pake kudatchedwa Ndabeni. Mpeni udayamba wanoleredwa pakhosi pa munthu wakuda usanafike kwa enawo.

Tiyeni tione tsiku la mwana wa kumeneko cha m'ma 1950. M'mawa ankapita kusukulu wapansi, mwina ku Rahmaniyeh, sukulu ya Asilamu imene idatsegulidwa mu 1913 mwa khama la Dr Abdullah Abdurahman, mdzukulu wa akapolo amene adaphunzira udokotala ku Glasgow. Akakhoza bwino ankapitirira ku Trafalgar, sekondale ya m'dera lomwelo imene idayamba mu 1912. Masana ankapita ku madrassah, imene kawirikawiri idali chipinda chochezera m'nyumba ya mwalimu, atanyamula kabuku kotchedwa koples momwe ankalembamo maduwa ndi malamulo a twahara oti aloweze pamtima. Bambo ake, kaya adali mmisiri womanga nyumba, telala kapena wonyamula katundu kudoko, ntchito yawo idali pafupi. Mayi ake akakhala kuti ali kufakitale ya zovala ku Woodstock kapena Salt River, agogo adali m'nyumba momwemo, azakhali kuseri kwa khoma. Msewu waukulu, Hanover Street, udali ndi msika wa nsomba, nyumba za kanema, ometa ndi ophika, ndipo mwana akayendamo ankadutsa pamaso pa anthu makumimakumi odziwa dzina la bambo ake.

Apa mpamene pagona nkhani. Mwana wa ku District Six ankaleredwa ndi maso ambiri. Akachita chipongwe kumunsi kwa msewu, mbiri inkafika kunyumba iye asanafike. M'mwezi wa Ramadhan, dzuwa likapendeka, ana ankatumidwa ndi mbale za makeke kwa anansi, Asilamu ndi Akhristu omwe, ndipo mbaleyo sinkabwerera yopanda kanthu. Anthu a kumeneko ali ndi liwu lakuti kanala, limene akuti lidachokera ku mawu a Chimalayi otanthauza kuchita chinthu chifukwa cha Allah. Amalinena popempha, komanso ndi dzina la ntchito yothandizana: amisiri kumangira mnzawo nyumba pa tsiku lopuma, malipiro ake chakudya chokha. Zimene makolo athu amanena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, kumeneko zidali dongosolo la msewu wonse. Sizidalembedwe paliponse, choncho wolemba mapulani a boma sakadaziona pa mapu.

Chipani cha National chitatenga boma mu 1948, malamulo adabwera motsatizana. Mu 1949 adaletsa ukwati wa mzungu ndi wosakhala mzungu. Mu 1950 lamulo la Population Registration Act lidalamula kuti munthu aliyense alembedwe mtundu wake, ndipo la Group Areas Act lidapatsa boma mphamvu yonena mtundu woyenera kukhala m'dera lililonse. Mu 1953 adagawa mabenchi, mabogi a sitima ndi makomo a positi ofesi, kotero kuti ana ambiri zikwangwani zoyamba kuziwerenga okha zidali zowauza pamene sayenera kuponda. Mu 1959 gulu la makaladi lidagawidwanso pasanu ndi pawiri, Amalayi paokha, Amwenye paokha, ena n'kungotchedwa makaladi ena. Pamene nkhope yasokoneza olembawo, ankayesa tsitsi ndi pensulo. Kudali mabanja amene mwana woyererapo adalembedwa mzungu, nasamuka, ndipo abale ake akakumana naye m'tauni ankayang'ana kumbali kuti asamuululitse. Kwa Asilamu kudali chipsera china chakale: boma silinkazindikira nikah, choncho pamaso pa lamulo ana awo ankawerengedwa ngati obadwa kunja kwa ukwati. Nkhani imeneyi khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko lidaigamula mu 2022.

Tiyenera kunena china chosakoma. Tsankho lidamangidwa ngati makwerero: mzungu pamwamba, mwenye ndi mkaladi pakati, wakuda pansi. Kuyambira m'ma 1950 boma lidalamula kuti kumadzulo kwa Cape ntchito iziyamba yapatsidwa kwa mkaladi, wakuda pambuyo. Asilamu lidawanyengerera ndi dzina lakuti Amalayi, ngati anthu aukhondo ndi amwambo osiyana ndi anzawo, ndipo mu 1957 lidawasiyira dera la Bo-Kaap. Mwana wokulira pakati pa makwererowo ankaphunzira zinthu ziwiri nthawi imodzi, kuchita manyazi akayang'ana kumwamba ndi kunyoza akayang'ana pansi. Surat Al-Hujurat, imene ankailoweza masana, inkamuuza kuti mitundu idalengedwa kuti idziwane. Chiphaso cha bambo ake chinkamuuza zina.

Pa 11 February 1966 boma lidalengeza kuti District Six ndi dera la azungu. Nduna yoona za nkhaniyi idali P. W. Botha, amene pambuyo pake adadzalamulira dziko. Chifukwa chimene adapereka chidali chakuti derali ndi lauve ndi laupandu. Ndi anthu ochepa amene sadaone kuti lidalinso pakati pa phiri, nyanja ndi tauni. Kugumula kudayamba mu 1968 ndipo kudatha cha mu 1982. Tiime pa kutalika kwa nthawiyi, chifukwa mwana amene adabadwa chaka cha chilengezocho adakula mpaka kumera ndevu akuona dera lake likudyedwa pang'onopang'ono. Makalata olamula banja kusamuka, amene anthu ankawatcha mwachipongwe kuti makalata achikondi, sankafika msewu wonse tsiku limodzi. Sabata ino pabenchi ya m'kalasi pasowa mmodzi, mwezi wamawa nyumba ya mwalimu yasanduka mulu wa njerwa, ndipo ana otsala ankasewera m'mabwinja a anzawo. Chipukuta misozi chinkapita kwa mwini nyumba, pomwe ambiri adali alendi. Mu 1970 ngakhale dzina lidafufutidwa, malowa n'kutchedwa Zonnebloem.

Magalimoto ankatula anthu ku Cape Flats, chigwa cha mchenga chimene m'chilimwe chimakunthidwa ndi mphepo ndipo m'nyengo yozizira chimadikha madzi. Adawagawa monga mwa ziphaso: akuda ku Langa, Nyanga ndi Gugulethu, Amwenye ku Rylands, otsalawo ku Bonteheuwel, Manenberg, Hanover Park, Lavender Hill, ndipo kenako ku Mitchells Plain, mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera m'tauni. Maina ena, monga Hanover Park ndi Lavender Hill, adatengedwa ku misewu yomwe ankaigumulayo. Kaya wina adaganiza kuti akutonthoza anthu, ife tikuona ngati kupha mbuzi ya munthu n'kumupatsa chingwe chake. Nyumba zinkaperekedwa potsata mndandanda wa muofesi, motero agogo ankapita kwina, mwana wawo kwina, mnansi wa zaka makumi atatu kwinanso. Okalamba ambiri sadakhalitse, ndipo ana awo mpaka lero amati adafa ndi chisoni.

Kwa mwana, moyo udatembenuka motere. Lendi ndi mtengo wa sitima zidakakamiza makolo onse awiri kugwira ntchito. Ankachoka kusanache n'kubwera kutada. Agogo kulibe, azakhali kulibe, ndipo mayi wa khomo loyandikana ndi mlendo amene nayenso akulira kwawo. M'nyumba zosanjikiza katatu zija mudalibe khonde loyang'ana kumsewu pamene munthu wamkulu angakhale n'kumaona ana. Maso aja adatsekedwa onse nthawi imodzi. Mwana wa zaka khumi ndi ziwiri amafunabe womuuza kuti ndiwe wathu, ndipo pabwalo la mchenga womuuza adapezeka. Don Pinnock, amene adafufuza magulu a zigawenga a kumeneko nalemba buku la The Brotherhoods mu 1984, adaonetsa kuti magulu a achinyamata adakula pamalo pamene banja lalikulu lidaphwasulidwa. Zigawenga za ku District Six zidali ndi malire, chifukwa zinkakhala pakati pa anthu odziwa amayi awo. Za ku Cape Flats, monga Hard Livings ndi Americans, zidakula popanda wozichititsa manyazi, ndipo zidapeza chuma m'mankhwala ozunguza bongo, poyamba mandrax, pambuyo pake tik.

Nanga mizikiti idatsala bwanji? Maulama, kudzera m'bungwe la Muslim Judicial Council limene lidakhazikitsidwa mu 1945, adaima pa mfundo yakuti mzikiti ndi waqf: malo ake adaperekedwa kwa Allah, sagulitsidwa, sasinthanitsidwa. Boma lidaopa phokoso, ndipo buludoza idalambalala mzikiti wa Al-Azhar wa mu 1887 ku Aspeling Street, wa Zeenatul Islam ku Muir Street, pamodzi ndi matchalitchi monga St Mark's ndi Holy Cross. Anthu adapitiriza kubwera Lachisanu ndi pa Eid, ulendo wa basi ndi sitima, ndipo kubwera kokhako kudali kukana. Timanyadira zimenezi. Koma ife aphunzitsi tikudziwa kuti mwana saphunzira Swala pa Jumu'ah. Amaiphunzira pa Maghrib ya tsiku wamba, atagwidwa dzanja ndi agogo, mzikiti uli kuseri kwa nyumba. Waqf idateteza njerwa, koma adhana ya Fajr inkagwera pa udzu. Chimene chidapulumutsa ana ambiri ndi chakuti kumchenga kuja amayi ndi mashehe adayambanso madrassah m'zipinda zochezera ndi m'magalaja, ndipo amisiri aja adamanga mizikiti yatsopano mwa kanala. Adapulumutsa ambiri, koma osati onse.

Sitingadutse osatchula Imam Abdullah Haron, Allah amuchitire chifundo. Iye adali imamu wa mzikiti wa Al-Jaamia ku Claremont kuyambira 1955, dera limene nalonso lidapatsidwa kwa azungu, anthu ake n'kubalalitsidwa. Adasonkhanitsa achinyamata, adalowa ku Langa ndi Nyanga kumene mashehe ambiri sankapondako, ndipo ankathandiza mabanja a omangidwa. Apolisi adamugwira pa 28 May 1969. Pa 27 September, atakhala masiku 123 m'manja mwawo, adamwalira, iwo n'kunena kuti adagwa pamasitepe. Anthu zikwi makumi adaperekeza janaza yake, koma akuluakulu ambiri achipembedzo adatseka pakamwa, ndipo amene adasala kudya masiku 67 mu 1971 pofuna kuti imfayo ifufuzidwe adali wansembe wa Anglican, Bernard Wrankmore. Imamuyo adasiya ana atatu, wamng'ono ali ndi zaka 6. Khoti lidadzanena mu October 2023 kuti bambo awo adafa chifukwa chozunzidwa ndi apolisi. Anawo adadikira chiganizo chimenechi zaka 54, ndipo mayi awo adamwalira mu 2019 asanachimve.

Ana okulira kumchenga sadakhale onse zigawenga kapena ofooka. Ndi iwo amene adatuluka m'makalasi mu 1976, ndi iwonso amene adayambitsa kunyanyala sukulu kwa 1980. Mtengo wake udali wowawa. Pa 15 October 1985, ku Thornton Road ku Athlone, apolisi adabisala m'mabokosi pa lole, ndipo miyala itayamba kuponyedwa adatulukira n'kuwombera. Adapha achinyamata atatu, wamng'ono ali ndi zaka 11. M'badwo umenewo udathandiza kugwetsa tsankho, koma ambiri a iwo sukulu sadaimalize, ndipo ufulu udawapeza ali ndi ana opanda satifiketi yowapezera ntchito.

Lamulo la Group Areas lidachotsedwa mu 1991, ndipo pa 27 April 1994 anthu onse adaponya voti. Mapu sadasinthe. Akafukufuku a Surplus People Project adawerengera kuti pakati pa 1960 ndi 1983 anthu pafupifupi 3.5 miliyoni adasamutsidwa mokakamiza m'dziko lonselo, ndipo unyinji wa zidzukulu zawo ukugonabe pamene lole idatula agogo awo. Mu August 1996 gulu la PAGAD, limene lidali ndi Asilamu ambiri otopa ndi ogulitsa mankhwala, lidapha Rashaad Staggie, mtsogoleri wa Hard Livings, pamaso pa makamera ku Salt River. Taonani dzina lake: wophedwayo ndi omuphawo adali ana a mbiri imodzi. Mu July 2019 boma la ufulu lidatumiza asilikali ku Cape Flats chifukwa cha kuphana kwa magulu amenewa, ndipo aphunzitsi a kumeneko amaphunzitsa ana kugona pansi akamva mfuti.

Nkhaniyi si ya kutali ndi ife monga ikumvekera. Dongosolo lomwelo lidafika m'midzi mwathu kudzera mwa Wenela, imene inkafuna mikono ya bambo koma osati mkazi ndi ana ake, ndipo liwu lakuti mtchona tidaliphunzira m'njira imeneyo. Lero achinyamata athu a ku Mangochi, Machinga ndi Nkhotakota akafika ku Cape Town amakapeza kachipinda kuseri kwa nyumba ya munthu kumchenga komweko, n'kumadzuka usiku kukagwira ntchito m'munsi mwa phiri, motsata mapu a 1950. Ena amalandiridwa bwino m'mizikiti, mpaka kupatsidwa udindo wa adhana. Ena amakumana ndi diso loyang'ana pansi lija, nthawi zina pamzere wa Swala pomwe. Akatiuza zimenezi tisathamangire kunena kuti anthu a kumeneko ndi oipa mtima. Makwerero aja adamangidwa ndi lamulo kwa zaka zoposa makumi anayi, ndipo adaphunzitsidwa kwa ana.

Thengo la District Six lidakhala losamangidwa chifukwa anthu adalikaniza. Kupatula sukulu ya Cape Technikon imene boma lidamangapo, makampani ambiri adaopa kukhudza nthaka imene anthu ankati ndi yothiridwa mchere, ndipo kumapeto kwa m'ma 1980 gulu la Hands Off District Six lidaletsa mapulani ena. Mu December 1994 kudatsegulidwa nyumba yosungira mbiri ya derali, m'tchalitchi chakale cha Methodist ku Buitenkant Street. Pansi pake adayalapo mapu aakulu, ndipo eni dera amagwada n'kulemba dzina la banja lawo pamene padali khomo lawo. Pamwamba pakulendewera zikwangwani zenizeni za misewu, zimene mmodzi mwa ogumula adazisunga m'malo mozitaya.

Lamulo lobwezera malo la 1994 lidalola ochotsedwa kudandaula, ndipo pa 11 February 2004, patatha zaka 38 chilengezereni, Mandela adapereka makiyi kwa okalamba awiri oyamba kubwerera. Mu 2019 dzina la District Six lidabwezeretsedwa. Koma pofika 2022 nyumba zomangidwira obwerera zidali zisanafike 300. Fomu yodandaulira imalembedwa banja ndi banja, choncho wopatsidwa kiyi amalowa pakati pa anthu amene mndandanda wamusankhira, monga zidalili ulendo woyamba uja. Ena adatopa n'kulandira ndalama. Ambiri amwalira dzina lili pamndandanda, ndipo mafayilo awo atsala m'manja mwa zidzukulu zobadwira ku Manenberg ndi Mitchells Plain, zimene Hanover Street zidangoimva m'kamwa mwa agogo.